Fumbi lenileni, nkhani zobwerezabwereza: za mafilimu akale otchipa a cowboy

Chigawenga chili pa hatchi, chikuthawa m'kanjira ka pakati pa miyala ikuluikulu. Mwini filimu ali pambuyo pake, hatchi yake yatambasula khosi, fumbi lili koboo. Akafika pambali pake amataya zingwe, n'kudumpha kuchoka pa chishalo, n'kuchigwira m'chiuno chigawengacho, onse awiri n'kugubuduzika pa chitunda mpaka kumunsi. Akangodzuka, nkhonya zimayambika. Zonsezi sizikwana masekondi 40, ndipo palibe chabodza: anthu awiri agwadi kuchoka pa mahatchi othamanga, pa nthaka youma gwa. Koma pakangopita mphindi zisanu, tili m'nyumba ya sherifu. Wina watseka chitseko, khoma lonse lagwedezeka chifukwa ndi la nsalu ndi timatabwa. Wina wapunthwa pa mawu ake, wawabwereza, ndipo palibe amene anaimitsa kamera kuti ajambulenso.

Kukoma kwa mafilimu amenewa ndi zolakwika zake zambiri zinamera pa muzu umodzi, ndiwo kuchepa kwa ndalama ndi nthawi. Ndati zambiri osati zonse, chifukwa zilipo zina zoipa zimene umphawi sungaziyankhire mlandu. Tifikako.

Choyamba ndi malonda ake. M'zaka za m'ma 1930, chuma cha America chitagwa, eni maholo a kanema anayamba kuonetsa mafilimu awiri pa tikiti imodzi pofuna kukopa anthu amene m'thumba munali mutauma. Filimu yoyamba, yotchedwa A, inkakhala ya osewera otchuka, ndipo kampani yoipanga inkalandira gawo la ndalama zapakhomo. Yachiwiri, yotchedwa B, kawirikawiri inkabwerekedwa pa mtengo wokhazikika. Holo idzaze kapena mukhale anthu khumi, ndalama ya wopanga filimu ya B inali yomweyo. Ndiye wopanga filimu yotere ankadziwiratu ndalama imene ibwere asanajambule n'komwe, ndipo phindu lake lonse linali pa kusawononga. Tsiku limodzi lowonjezera pa kujambula linkatha kudya phindu lonse.

Makampani ang'onoang'ono ochita zimenezi ankatchedwa Poverty Row, kutanthauza mdadada wa amphawi, ndipo ambiri anali cha mu msewu wa Gower ku Hollywood. Pa mphambano ya msewuwu ndi Sunset Boulevard pankaima amuna ovala zipewa zikuluzikulu ndi nsapato zazitali, ena mwa iwo oweta ng'ombe enieni amene ntchito inawathera kumafamu, kudikira ganyu ya tsiku limodzi. Monogram inali imodzi mwa makampaniwa. Pakati pa 1933 ndi 1935 inatulutsa mafilimu 16 a John Wayne pansi pa dzina la Lone Star, iliyonse ya madola cha m'ma 10,000, yojambulidwa m'masiku osapitirira sabata, yotalika mphindi zosakwana 60. Republic, imene Herbert Yates anaikhazikitsa mu 1935 pophatikiza timakampani timene tinali ndi ngongole ku fakitale yake yotsuka mafilimu, ndiyo inali mfumu ya onse. Pansi penipeni panali PRC, kumene dayirekitala Sam Newfield ankajambula mafilimu ochuluka kwambiri pa chaka moti ena ankawalemba mayina ongopeka, Sherman Scott ndi Peter Stewart, kuti anthu asaone kuti zonsezo zatuluka m'manja amodzi.

Filimu ya ola limodzi m'masiku 6 ndiye kuti mphindi 10 zogwiritsika ntchito tsiku lililonse, pamene situdiyo yaikulu inkakhutira ndi mphindi ziwiri kapena zitatu. Zinkatheka chifukwa dzuwa ndi laulere. Magetsi a m'situdiyo amafuna ndalama, anthu owasuntha ndi maola oyalira, pamene panja pamangofunika kamera ndi timatabwa tonyezimira tobwezera kuwala kumaso. N'chifukwa chake gulu lonse linkanyamuka kusanache kupita ku Iverson Ranch ku Chatsworth, ku Corriganville cha ku Simi Valley, kapena, ndalama zikalola, ku miyala ya Alabama Hills pafupi ndi Lone Pine, kumene mapiri a Sierra Nevada amaonekera kumbuyo. Kamera ikaikidwa pamalo amodzi, ankajambuliratu zonse zodutsa pamenepo: zigawenga zipite kumanja, mwini filimu azitsate, kenako onse asinthe malaya abwerere kumanzere ngati kuti ndi tsiku lina, dera lina. Mukaonera mafilimu a Republic khumi motsatizana, mwala womwewo mudzaupeza ku Texas, ku Arizona ndi ku Wyoming.

Nkhonya ya m'filimu imene tonse tinaizolowera inakhwimira m'mafilimu otchipawa. Kale osewera ankangolimbana, kukankhana ndi kumenyana m'mapewa, zimene zinkapweteka koma pa kanema n'kumaoneka zofooka. Yakima Canutt, katswiri wa mipikisano ya mahatchi amene anasanduka stuntman, munthu wochita zoopsa m'malo mwa osewera, anakonza njira ina pamodzi ndi John Wayne. Kamera imaikidwa kumbuyo kwa phewa la mmodzi. Womenya amaponya chibakera motambasula, chidutse patsogolo pa chibwano cha mnzake osamukhudza. Womenyedwa amaponya mutu kumbuyo pa nthawi yomweyo, ndipo phokoso limaikidwa pambuyo pake. Diso la kamera ndi limodzi, silitha kuyeza bwino mtunda wa zinthu zimene zili mu mzere umodzi, ndiye mpata uja suoneka. Zimalakwika m'njira ziwiri. Kamera ikakhala chammbali, mpata wa pakati pa chibakera ndi chibwano umaonekera poyera. Womenyedwa akachedwa kapena akafulumira ngakhale pang'ono, mutu umagwedezeka pawokha. M'filimu ya ndalama akanajambulanso, koma kuno zinkapita choncho. William Witney wa ku Republic anapititsa lusoli patsogolo podula ndewu m'zidutswazidutswa: nkhonya zitatu kapena zinayi zoyeserera bwino, kamera iime, isunthe, ena apume, kenako chidutswa china. Mipando yophwanyira pamsana inali ya mtengo wopepuka wa balsa, ndipo mawindo ndi mabotolo anali a shuga wowiritsa n'kuumitsa, amene amasweka ngati galasi koma sacheka kwenikweni.

Chipewa chosagwa pa ndewu chili ndi chifukwa chake. Wogwa pa hatchi uja nthawi zambiri si mwini filimu, ndi womulowa m'malo, ndipo chipewa chokanikiza mpaka m'maso ndicho chimabisa nkhope yake. Canutt ankalowa m'malo mwa Wayne m'mafilimu omwewo amene iye ankasewera ngati chigawenga, moti pena pothamangitsana, wothawa ndi wothamangitsa anali munthu mmodzi.

Liwiro nalo linali ndi kakonzedwe kake. Filimu ya mawu imaonetsedwa pa zithunzi 24 pa sekondi. Mukajambula pa 22 n'kuonetsa pa 24, zonse zimathamanga moonjezera pafupifupi 9 pa 100, ndipo diso silizindikira, limangomva kuti hatchi ili ndi moto. Mukatsika pa 20 mwaonjezera 20 pa 100, ndipo apa m'pamalire. Kupitirira pamenepo miyendo ya hatchi imayamba kuphiriphitha, fumbi limagwa msanga ngati mchenga wonyowa, anthu amadumpha ngati zidole. Njira yabwino koposa inali kuika kamera pa galimoto yoyenda limodzi ndi wokwera hatchi mu msewu wosalazidwa, kuti nkhope yake ioneke pafupi uku mitengo ikuuluka kumbuyo. Republic inkachita zimenezi mwaluso, ndipo apa m'pamene filimu yake imasiyanira ndi ya PRC, kumene kamera imangoima poteropo mahatchi n'kudutsa chapatali. Za magudumu a ngolo ooneka ngati akubwerera m'mbuyo, limenelo si vuto la umphawi, ndi masamu chabe. Gudumu la masipoko 12 lili ndi madigiri 30 pakati pa sipoko ndi inzake. Likazungulira madigiri 28 pakati pa chithunzi ndi chinzake, sipoko iliyonse imaima madigiri 2 kumbuyo kwa pamene panali inzake, ndipo diso limaona gudumu lobwerera.

Usiku wa m'mafilimuwa ndi wa masana. Kuwalitsa chigwa chonse ndi magetsi kunali kosatheka, ndiye ankajambula dzuwa likuswa mtengo, n'kuchepetsa kuwala kolowa mu kamera, n'kuika galasi lofiira patsogolo pa lenzi. Pa filimu yopanda mitundu, galasi lofiira limadetsa thambo lobiriwira. Zimagwira ntchito kumwamba kukakhala kopanda mtambo komanso dzuwa likakhala chakumbuyo kwa osewera. Kukakhala mitambo, imawala mbee pakati pa "usiku," ndipo zithunzithunzi zazifupi za pansi pa mahatchi zimaulula kuti ndi masana.

Chinyengo chachikulu kuposa zonse chinali kubwereka zidutswa za mafilimu akale. Ng'ombe mazanamazana zothamanga, ngolo yogwera m'phompho, tauni yopsa, zimenezi sankajambula kawiri. Mu 1932 ndi 1933 kampani ya Warner inapanga mafilimu 6 a John Wayne mozungulira zidutswa za mafilimu opanda mawu a Ken Maynard. Wayne anamuveka zovala zofanana ndi za Maynard, n'kumupatsa hatchi yoyera yotchedwa Duke kuti ifanane ndi Tarzan, hatchi ya Maynard. Nkhani inkalembedwa motsata zidutswa zimene zilipo kale m'nkhokwe. Msoko wake umaoneka: chithunzi chimachita mchenga mwadzidzidzi, liwiro limakwera chifukwa mafilimu opanda mawu ankajambulidwa pa zithunzi zocheperapo, ndipo okwera mahatchi asanu amasanduka khamu kenako n'kubwereranso pa asanu.

Pa mahatchi pali nkhani yowawa imene wokonda mafilimuwa sayenera kuizemba. Kugwa kochititsa nthumanzi kuja, hatchi ikugwa chamutu n'kutembenuzika, kunkachitika ndi chida chotchedwa Running W. Miyendo yakutsogolo ankaimanga timalamba cha pamwamba pa ziboda, mawaya n'kudutsa pa mphete ya pa lamba wa pamimba, n'kulumikizidwa ku chingwe chachitali chokhomeredwa pansi. Hatchi inkathamangitsidwa ndi mphamvu zake zonse. Chingwe chikatha, miyendo inkakokedwa mwadzidzidzi. Wokwera ankadziwa pamene agwere ndipo ankakonzekera. Hatchi sinkadziwa kanthu. Ambiri anathyoka makosi ndi miyendo, ena n'kuwomberedwa pomwepo. Makampani aakulu nawo ankachita zomwezi, ndipo chimene chinautsa mkwiyo wa anthu chinali filimu ya ndalama zambiri, Jesse James ya 1939, mmene hatchi inagwetsedwa kuchoka pa phompho kugwera m'madzi n'kufa. Kuyambira 1940 bungwe la American Humane Association linapatsidwa mphamvu yoyang'anira nyama pojambula, ndipo mawaya analetsedwa. M'malo mwake munabwera mahatchi ophunzitsidwa kugwa: wokwera amakokera mutu wa hatchi mbali imodzi, iyo n'kugona chammbali pa dothi lokumbidwa ndi kufewetsedwa. Kusiyana kwake n'kosavuta kuona. Yogwa chammbali, mutu utapotolokera kumbuyo, ndi yophunzitsidwa. Yogwa chamutu miyendo itapindikira pansi, yakoledwa ndi waya. Malamulo aja atafooka m'zaka za m'ma 1960, makamaka pojambula kunja kwa America, mawaya anabwereranso.

Nkhani zake ndi zowerengeka, ndipo sabisa. Mlendo wafika m'tauni. Pali mkulu wina wovala suti, wa ndevu zapamlomo zosongoka, mwini banki kapena loya kapena mwini bala, amene akudziwa chinsinsi: njanji idutsa pano, kapena pansi pa famu ya mkulu wokalamba pali golide, kapena kasupe yekhayo wa m'chigwa ali pamenepo. Iye sagwira mfuti, ali ndi anyamata ake. Wokalamba uja aphedwa, mwana wake wamkazi atsala yekha, mlendo anamiziridwa mlandu, athawa m'ndende, ndipo pa mphindi 10 zomaliza mahatchi onse ali panja. N'zosavuta kuziseka, koma taganizirani amene ankaonera. Anali anthu a m'matauni ang'onoang'ono a kumwera ndi pakati pa America, m'zaka zimene mabanki ankalanda minda ya alimi olephera ngongole. Chigawenga chovala suti chonyamula chikalata cha ngongole sichinali nthano kwa iwo. Kuona munthu wotero akulandira chibakera Loweruka masana kunali kupepuza mtima, ndipo ine ndimaona kuti apa mafilimuwa ankanena zoona kuposa mmene amayamikiridwira.

Kubwerezabwereza komweko kunali mbali ya kukoma kwake, monga nthano ya kalulu imene mwana amaidziwa mathero koma amafuna kuimvanso. William Boyd anasewera Hopalong Cassidy m'mafilimu 66 kuyambira 1935 mpaka 1948, atavala zakuda pa hatchi yoyera, zimene zimatsutsa mawu ofala akuti wabwino nthawi zonse amavala chipewa choyera. Pambali pa mwini filimu pankakhala mnzake woseketsa, monga Gabby Hayes wandevu zake kapena Smiley Burnette. Kenako panabwera oimba, Gene Autry kuyambira 1935 ndi Roy Rogers kuyambira 1938. Nyimbo inali yotchipa: mphindi zitatu za filimu, kamera ili pamodzimodzi, palibe hatchi yovulala. Mafilimu a Autry ambiri sanayese n'komwe kukhala a makedzana, muli magalimoto, wailesi ndi ndege, koma chigawenga chikathawa pa galimoto amachigwira ndi hatchi. Wayne nayenso anamuyesa kuimba mu 1933, mawu ake ali a munthu wina, ndipo iye mwini sanazikonde.

Zina ndi zolakwika zazing'ono. Mfuti ya Colt imalowa zipolopolo 6, koma imalira kakhumi ndi kuposa osaidzazanso, chifukwa wolumikiza zidutswa sankawerenga. Mfuti yaitali ya Winchester ya 1892 imapezeka m'nkhani za m'ma 1870 chifukwa ndiyo inali yambiri m'nyumba zobwereketsa zida. Wowomberedwa amagwira pamimba n'kugwa popanda dontho la magazi, mbali ina chifukwa cha malamulo a makhalidwe a Hollywood amene anakhwimitsidwa mu 1934, mbali ina chifukwa oonera ambiri anali ana.

Tsopano zija ndinati umphawi sungaziyankhire. Nthawi yeniyeni ya oweta ng'ombe oyenda mitunda italiitali inali yaifupi, zaka pafupifupi 20 nkhondo yapachiweniweni ya America itatha mu 1865. Ntchitoyo, zida zake ndi mawu ake ambiri zinachokera kwa ma vaquero, oweta ng'ombe a ku Mexico, ndipo akatswiri a mbiri ambiri amati mwina mmodzi mwa oweta anayi aliwonse anali wakuda. M'mafilimuwa onsewo anafufutidwa. Wakuda akaoneka amakhala wophika wamantha, wa ku Mexico amakhala mbava kapena waulesi. Kulemba wosewera wakuda sikukanaonjezera bajeti ngakhale pang'ono. Chinali chisankho. Herb Jeffries, woimba wakuda, anayankha pojambula mafilimu a cowboy a anthu akuda okhaokha kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, otchipa kuposa ena onse, oonetsedwa m'maholo a anthu akuda.

Eni dziko, amene mafilimu amawatcha Amwenye, anachitiridwa zoipa koposa. M'mafilimu otchipitsitsa sapezeka kawirikawiri chifukwa khamu la okwera mahatchi ndi lodula, ndiye akafunika ankatengedwa m'zidutswa zakale: anthu opanda mayina, ozungulira ngolo akukuwa mpaka atawomberedwa. Mitundu mazanamazana ya zilankhulo ndi miyambo yosiyana inavekedwa chisoti chimodzi cha nthenga cha anthu a m'zigwa. Mbali zolankhula zinkapatsidwa kwa azungu opakidwa utoto, ndipo kansalu ka pamphumi kamene ambiri amakayesa mwambo wa onse nthawi zambiri kankangogwira wigi kuti isagwe. Iron Eyes Cody, amene anakhala moyo wake wonse ngati Mmwenye wa m'mafilimu, makolo ake anali ochokera ku Sicily. Choopsa kwambiri n'chakuti ngakhale m'filimu mmene eni dziko mulibe, nkhani imayambira pa dziko looneka ngati linalibe mwini, mkangano n'kukhala wa pakati pa obwera okhaokha. Za mmene malowo anapezekera, mapangano oswedwa ndi anthu osamutsidwa mokakamiza, filimu imangoti zii.

Njira imodzi imene mafilimu amenewa anafikira kuno kwathu inali ya m'migodi. Ku Copperbelt, m'dziko limene lero ndi Zambia, kumene anthu ambiri ochokera ku Nyasaland ankagwiranso ntchito, makampani a migodi ankaonetsa kanema panja usiku, ndipo a cowboy ndiwo ankakondedwa koposa. Hortense Powdermaker, amene anachita kafukufuku ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, anapeza kuti oonera ankatcha mwini filimu aliyense Jack, kaya wosewera ndi ndani, ndipo ankamuchemerera mokweza, kuimirira, kuponya nkhonya m'malere. Ana m'makomboni ankasema mfuti zamitengo akufuula kuti "Jeke!" Chingelezi cha m'mphuno cha ku America ambiri sankachimva, phokoso linali lalikulu, ndiponso akuluakulu a boma la atsamunda ankadula mbali zimene ankati Mwafirika asaone, moti nkhani inkafika yoduka mutu ndi mchira. Koma filimu ya mtundu uwu imapirira zimenezo kuposa ina iliyonse. Inapangidwa ndi anthu amene analibe nthawi ya mawu ambiri, ndiye zonse zofunika zili m'thupi: ndani akuthawa, ndani akutsata, ndani wagwa.

Mapeto anabwera mwachangu. Mu 1948 khoti lalikulu la America linathetsa mchitidwe wogulitsa mafilimu m'mitolo, mitengo yojambulira inakwera, ndipo TV inayamba kupereka zomwezo kwaulere kunyumba. Boyd anaona patali. Anagulitsa katundu wake kuti agule umwini wa mafilimu ake onse, n'kuwapereka ku TV mu 1949, ndipo analemera. Pofika 1954 mafilimu a B a cowboy otuluka motsatizana anali atatha, anthu ake, mahatchi ake ndi mafamu aja n'kusamukira ku TV. Patapita zaka khumi, Ataliyana anatola mwambo wa kutchipa n'kuupatsa nkhope ina. Sergio Leone anajambula filimu yake yoyamba ya cowboy, yotuluka mu 1964, ku Spain ndi madola pafupifupi 200,000. Ankagwiritsa ntchito njira ya Techniscope imene imadya theka la tepi, ndipo mawu onse ankawaika pambuyo, wosewera aliyense atalankhula chilankhulo chake pojambula. N'chifukwa chake milomo ndi mawu siziyendera limodzi.

Amene akufuna kuonera mafilimu a m'ma 1930 ndi 1940 lero asamale ndi makope ake. Ambiri umwini wake unatha ndipo ali ponseponse pa intaneti, koma ochuluka anakoperedwa kuchokera ku matepi otopa a 16mm a pa TV. Mafilimu ambiri a Autry ndi Rogers anadulidwa kufika mphindi pafupifupi 54 kuti akwane ola limodzi pamodzi ndi otsatsa malonda, ndiye nkhani ikalumpha mosamveka, mwina si wolemba analakwa, ndi lumo. Makope ena a Lone Star anathiridwa nyimbo za kiyibodi zaka makumi ambiri pambuyo pake, ena anapakidwa mitundu ndi kompyuta. Funani kope lopanda mitundu, la utali wake wonse, lopanda nyimbo zoonjezera. M'mafilimu a Lone Star enieni, kupatula poyambira ndi pothera, nyimbo zakumbuyo mulibe. Pothamangitsana mumangomva ziboda, mfuti ndi mphepo.